Mzukwa Umene Sunatsanzike

Filimu imene ndaionera kambirimbiri kuposa ina iliyonse pamoyo wanga si yabwino ayi. Ndineneretu zimenezi, kuopa kuti wina angaifunefune n'kudzanditukwana. Ndi ya azungu, yakalekale, zithunzi zake zakuda ndi zoyera basi. Dzina lake sindilidziwa, chifukwa kapepala ka pa tepi kanali katamatuka ndipo poyambira pake makina anali atapatafuna. Ine ndinkangoti filimu ya amalume.

Amalume amenewa ndi achimwene awo a amayi anga. Anabwera ku Joni ali mnyamata kudzagwira ntchito m'migodi, ine ndisanabadwe n'komwe, ndipo anzawo atabwerera iwo anatsala. Kwathu ku Dedza tinkangomva kuti ndi mtchona. Atatuluka mumgodi analowa ntchito ya m'gadeni kwa mzungu wina kumpoto kwa mzinda, kuja mipanda imatalika kuposa nyumba, ndipo anakalambira pomwepo. Tsono pamene ine ndinkanyamuka kudzaluka anthu tsitsi ku Yeoville, amayi anandigwira mkono pa depoti n'kunena kuti, "Ukawapeze achimwene. Abwere akuyenda okha. Ine bokosi sindikulifuna."

Aliyense wa kuno amadziwa tanthauzo la mawu amenewo. Galimoto zopita kumudzi zimakoka ngolo kumbuyo. Ena amabwerera kwawo atakhala pampando, ena amabwerera m'ngolomo.

Ndinawapeza amalume akukhala okhaokha pa chinyumba chachikulu. Bwana wawo, mkazi wake atamwalira, anapita ku Australia kukaona ana ake, n'kusiya mawu akuti abwera Khirisimasi ikatha. Makhirisimasi anatha angapo, munthu osaoneka. Nyumba anakana kuti igulitsidwe, ndiye mwana wake wamwamuna ankangoimba foni mwa apo ndi apo n'kumatumiza zofunika. Amalume ankadzuka m'mawa, kutsegula mawindo onse kuti mulowe mphepo, kusesa maluwa a jakaranda pakhomo, kuvuula masamba m'dziwe losambiramo limene munalibe wosambamo. Dzuwa likamalowa ankatseka mawindo aja n'kuyatsa getsi la pakhonde. Mabedi ali mbwee m'zipinda, iwo ankagona m'kachipinda kawo ka kuseri, pafupi ndi migolo ya zinyalala. Ndipo ankatsokomola, chifuwa chouma cha fumbi la m'migodi chimene chimamveka ngati munthu akuswa nkhuni.

Ndinayamba kumapitako Lamulungu lililonse ndikaweruka kutchalitchi, matakisi awiri ndi kamtunda koyenda pansi. Tikadya, amalume ankatenga mulu wa makiyi, kutsegula pabalaza, kuvundukula nsalu pa wailesi ya kanema, n'kulowetsa tepi m'deki. Matepi analipo ambiri pashelefu koma ena onse anali atamatana ndi chinyezi. Iwo ankabwera ndi kampando kawo kachitsulo kuchokera kuseri n'kukaika pafupi ndi chitseko. Tsiku loyamba ine ndinangodziponya pa sofa. Anandiyang'ana diso lija.

"Mwana iwe, pamenepo ndi pa bwana."

"Abwera lero, amalume?"

Anangokhala pa kampando kawo. Inenso sindinadzukepo, msana unkandipweteka ndi kuima sabata yonse pamitu ya anthu.

Tsono nkhani ya filimuyo ili chonchi. Pamwamba pa phiri pali chinyumba cha miyala cha mafumu achizungu, chokhala ndi nsanja zosongoka ndi zitseko zoti munthu mmodzi sangakankhe. Mwini wake anapita kunkhondo kalekale ndipo sanabwerere. Patapita zaka, mdzukulu wake akubwera ndi mkazi wake pa ngolo ya akavalo kudzalowa m'nyumbamo. Afika, chitseko chatseguka chokha, iwo n'kungolowa, ngakhale odi. Kukamada akuona makandulo a m'khonde lalitali akuyaka okha, imodzi, kenako inzake, mpaka kumapeto. Akumva makiyi akulira, ngwere ngwere, pamasitepe. Akupeza tebulo layalidwa, mbale ndi mipeni zili m'malo mwake, woyala osaoneka. Mkazi uja akukuwa. Kunena zoona ntchito yake m'filimu yonse ndi yomweyo.

Pakati pa filimu akutsegula kachipinda ka pansi pa masitepe n'kupezamo mafupa a munthu atakhala pampando, makiyi ali pamiyendo. Gogo wina wa m'mudzi wa m'munsi mwa phiri ndiye akuwafotokozera kuti ameneyu anali wantchito wa m'nyumbamo, wochokera kutsidya kwa nyanja, amene anabwera ali mwana. Popita kunkhondo bwana wake anamuuza kuti aziyatsa makandulo mpaka iye atabwera. Munthu anayatsa mpaka kukalamba, n'kufa, koma osasiya. Mdzukulu uja akuthamangira wansembe. Wansembe akubwera ndi madzi ndi buku, akukalipa m'chinenero chosamveka, chimphepo chikulowa, makatani akugwira moto, chinyumba chonse chikupsa. Awiri aja akuthawa pa akavalo. Chithunzi chomaliza ndi phulusa lokhalokha kutacha, ndipo pakati pa phulusalo kandulo imodzi ikuyaka.

Zolakwika zake ndi zambiri, abale. Mileme yake ulusi woimangirira ukuchita kuoneka. Mabingu akugunda filimu yonse koma palibe amene malaya ake anyowa. Mkazi uja akamva phokoso kunsi, m'malo modzutsa mwamuna wake, akutenga kandulo n'kutsika yekha atavala zogonera, mutu wake kaya unkagwira. Mwamunayo ndi mkazi wake akudya wina uku wina uko pa tebulo lalitali ngati bwalo la mpira, kupemphana mchere kumafuna kufuula. Za kuopsa ndiye musanene. Ife a ku Joni, amene magetsi amatizimira okha tili pakati poluka mutu wa munthu, tingaope nyali yoyaka yokha? Woyatsayo tikanamuphikira tiyi.

Koma pali malo amodzi amene anawakonza bwino, ndipo pamenepo sindingatsutse. Pali pamene mzukwa uja ukuoneka kamodzi kokha, chakumbuyo, ukukwera masitepe. Sukuuluka, sukuchita zoopseza. Ndi nkhalamba chabe yowerama, dzanja limodzi lagwira khoma, ndipo ikafika pakati ikuima kuti ipume. Amene anasewera pamenepo anaonapo munthu wotopa ndi ntchito. Ulendo woyamba ndinaseka filimu yonse, koma pamenepo kuseka kunandithera, chifukwa amalume ankakwera masitepe a pakhonde chimodzimodzi.

Iwo ankaonera osaphethira, ngakhale ankadziwa mawu onse pamtima. Ankati filimuyi bwana ankaikonda, ndipo masana a Lamulungu ankawaitana kuti aonere limodzi, bwana pa sofa, iwo pakhomo paja. Wansembe akangotulukira, amalume ankayamba kupukusa mutu.

"Anthu opanda mwambo awa. Taona. Munthu wakusungira nyumba zaka zonsezi, iwe ukumuthira madzi ngati galu wakuba?"

"Nanga akanatani, amalume? Ndi mzukwa."

"Mzukwa wa chiyani? Wamenya ndani? Waba chiyani? Ameneyu akungodikira mawu. Akanangoima pamasitepe paja n'kunena kuti zikomo, mwagwira ntchito, pitani bwino. Basi. Filimu ikanathera pomwepo, nyumba osapsa."

"Bwenzi ili filimu yaifupi."

"Bwenzi ili filimu yanzeru."

Tinkakangana zomwezi Lamulungu lililonse ngati sitinakanganepo. Ndipo Lamulungu lililonse, tepi ikamabwerera m'mbuyo, ndinkaponya mawu a amayi. Ndinkati mlongo wanu akukudikirani, mbumba yanu ilibe mwini, ana akukwatiwa popanda malume. Ndinkati kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Iwo ankangoti, "Ndipita. Ndiyambe ndatsanzika."

Poyamba ndinkayesa ndi njira yongondizembera. Atchona ambiri amatero, amaopa kukafika kumudzi chimanjamanja. Koma Lamulungu lina ndinawapeza atakhala pansi m'mphepete mwa dziwe lija, ndodo yovuulira masamba ili m'madzi, mpango wawo uli ndi magazi. Anati angopuma pang'ono. Ndinawadzutsa, ndipo munthu wamkulu uja anapepuka m'manja mwanga ngati mtolo wa mapesi. Mantha anandigwira, ndipo ine mantha akandigwira pakamwa panga sipakhala bwino.

"Amalume, mukufuna ndidzakupezeni mafupa pampando, makiyi pamiyendo? Mzungu wanuyo anakuiwalani! Mukusesera ndani? Mukuyatsira ndani getsi? Ine ndikawauze chiyani amayi, kuti munafera masamba a m'dziwe?"

Anandisiya ndilankhule mpaka malovu atauma. Kenako anati ndiwapatse madzi, n'kumwa pang'onopang'ono.

"Wamaliza? Tsono tamvera. Ine pobwera kuno sindinatsanzike. Agogo ako ankakana za kumigodi, ndiye ndinanyamuka iwo ali kudimba. Ndinkati ndikawapepesa ndi bulangete. Anamwalira ine ndili pansi pa nthaka kuno, uthenga unandipeza maliro ataikidwa kale. Kuyambira pamenepo sindichoka pakhomo pa munthu osatsanzika, ngakhale pa shopu. Wochoka osatsanzika ndi wakuba kapena wothawa mlandu. Bwana anandiuza kuti sunga nyumba, ndibwera. Ine ndinavomera. Mawu amenewo akadali pamutu panga, ndipo wowachotsa ndi mwini wake."

Kwathu ngakhale mwana wotumidwa kukapempha moto sachoka osanena kuti ndapita, ndipo mwini nyumba amayankha. Ndinkadziwa zimenezo kuyambira ndili wamng'ono, kungoti sindinaganizepo kuti munthu angafe nazo.

Tsiku lomwelo ndinatenga nambala ya mwana wa bwana m'foni ya amalume. Ndinamuimbira mawa lake ndili kuntchito, mutu wa kasitomala uli theka. Ndinali nditakonzeka kumulalatira, koma munthuyo anandifooketsa. Anati iye wakhala akuwauza amalume kambirimbiri kuti apite akapume, makiyi asiye kwa oyandikana nawo, koma iwo amangoti inde inde. Anati bambo ake ali kunyumba yosungirako okalamba, mutu unasokonekera, ngakhale iye mwana wawo samuzindikira.

Nditawafotokozera amalume, anangoti, "Mwanayo sanandilembe ntchito. Ndinkamunyamula paphewa kuti athyole mandimu. Angandimasule bwanji?"

"Koma bambo akewo sakudziwanso munthu."

"Ali moyo?"

"Ali moyo."

"Pakamwa ali napo?"

Asa! Ndinabwerera ku Yeoville ndikulankhula ndekha m'takisi, mpaka mayi amene ndinakhala naye anasendera. Koma ndinamuimbiranso mwana uja, ndipo tinapangana kuti Lamulungu lotsatira apite kwa bambo ake ndi foni, tionane pa vidiyo. Anati ikhale m'mawa wa kuno, chifukwa kumeneko dzuwa limakhala litapendeka kale ndipo madala amagona msanga.

Tsikulo sindinapite kutchalitchi. Ndinawapeza amalume atameta ndevu, atavala jekete yakuda imene ndinali ndisanaionepo, ndi tayi. Mawindo anali atatsegula kale, pakhomo atasesa. Tinalowa pabalaza. Ndinawauza akhale pansi, anakana. Anaima pafupi ndi chitseko, malo awo aja, chipewa m'dzanja limodzi, makiyi m'dzanja lina. Ine ndinagwira foni patsogolo pawo.

Chithunzi chitabwera tinaona kankhalamba kali pa njinga ya odwala, bulangete pamiyendo, kukamwa kuli yasa. Ine ndinkayembekeza chimzungu chachikulu choyenerana ndi chinyumba chija. Amalume anapuma mwamphamvu kamodzi, kenako anayamba kupereka malonje m'Chifanakalo, chinenero cha kumigodi chimene awiriwo ankalankhulana kuyambira kale. Ine ndinkangotolako apa ndi apo. Anati nyumba ili bwino. Anati denga la kukhitchini linkadontha koma anamata. Anati mtengo wa mandimu ukubereka, koma maluwa a madamu a kumpanda anauma chaka cha chilala, apepese. Ananena zonse, mpaka za galu amene anamuika kuseri kwa garaja. Nkhalamba ija inkayang'ana cham'mbali, kumene kunkamveka masupuni.

Atamaliza, amalume anakweza makiyi kuti aoneke. Anati akalamba, chifuwa chawavuta, mlongo wawo akuwaitana, ndiye akupita kwawo. Ndipo anamaliza ndi mawu otsanzikira a kuno, aja akuti tsalani bwino.

"Sala kahle, bwana."

Nkhalamba ija inkayang'anabe cham'mbali. Mwana uja anawerama n'kunong'oneza bambo ake kukhutu, kuwatchulira dzina la amalume, kuwakumbutsa za gadeni ndi mandimu. Nkhalamba inamuyang'ana n'kufunsa ngati tiyi wafika. Ndinaganiza za ngolo ija, ndi amayi ataima pamsewu. Ndinkadziwa kuti foni ikaduka chonchi, amalume avula jekete n'kukatenga tsache, ndipo sindidzawachotsanso pakhomo pamenepo ali moyo.

Amalume anatsokomola nthawi yaitali, n'kupukuta pakamwa. Anasendera pafupi ndi foni, n'kunenanso mokweza, ngati akuitana munthu ali kutsidya kwa gadeni.

"Sala kahle!"

Ndipo pakamwa pa nkhalamba ija panayankha pokha. Maso sanayang'ane n'komwe kuno. Inangoti, "Hamba kahle," pitani bwino, mmene munthu amayankhira aliyense wotuluka m'shopu. Kenako mutu unagwera pachifuwa, n'kugona.

Mwana uja anayamba kuthokoza ndi mawu ambirimbiri, akulira. Amalume anamumvetsera mwaulemu mpaka foni itaduka. Ine ndiye ndinapsa mtima koopsa, misozi ikungotuluka. Moyo wonse wa munthu, thukuta lonse lija, malipiro ake mawu awiri ochokera kwa munthu woganiza za tiyi!

"Wamva?" anatero amalume. "Wayankha."

"Sanakudziweni, amalume. Sanadziwe n'komwe kuti akulankhula ndi ndani."

"Ndaona, sindine mwana. Koma wotsanzika ndi ine. Ine ndamudziwa."

Anavala chipewa m'nyumba momwemo, chinthu chimene sankachita, n'kukhala pa kampando kawo. Anati popeza ndi Lamulungu, tiike filimu. Tinaionera yonse komaliza. Wansembe atatulukira, sanapukuse mutu. Anangoti, "Mnzangayu analibe mwana wa mlongo wake wapakamwa ngati iwe." Sindikudziwa ngati kunali kuyamikira, koma ndinalandira.

Sabata imeneyo inatha ndi kulongedza, ngakhale katundu wake sanali woti n'kutenga sabata. Chimene chinachedwetsa ndi kutsanzika. Anatsanzika kwa oyandikana nawo mbali zonse ziwiri, kwa alonda a pageti ya msewu, kwa mayi wogulitsa chimanga chootcha pakona, kwa anzawo a m'magadeni ena, kwa anamwino a kukiliniki. Ine ndinkawatsatira ndi botolo la madzi, kuwaletsa kuthamanga. Tepi ija ndinawauza atenge, poti ndani angaifunenso. Anakana, anati si yawo. Anaibweza m'mbuyo mpaka poyambira, kuiika pashelefu, n'kuphimba wailesi ndi nsalu yake. Potuluka anatseka mawindo onse, n'kupereka makiyi kwa mzungu woyandikana naye ndi manja awiri. Getsi la pakhonde sanayatse, kunali kukadali masana.

Ndinawaperekeza kokwerera mabasi m'tauni. Ndinakangana ndi kondakitala mpaka anawapatsa mpando wa pawindo, ndipo ndinapempha mayi wina wa ku Ntcheu amene anakhala nawo kuti aziwakumbutsa mankhwala. Anyamata ankaponya matumba ndi mafiriji m'ngolo ya kumbuyo. Ine sindinafune kuyang'anako. Basi isananyamuke amalume anagogoda galasi, n'kulitsegula pang'ono.

"Mwana wa mlongo wanga, tsala bwino."

"Pitani bwino, amalume."

Anadikira mpaka nditamaliza kuyankha, ndiye n'kutseka windo.

Anakhalako kumudzi dzinja limodzi ndi kukolola kwake, ndipo anamwalira pakhonde pa mlongo wawo, anthu awo atawazungulira. Filimu ija sindinaionenso, ndipo sindikuifuna. Wondifunsa ndimamuuza kuti mileme yake ndi ya ulusi, mkazi wake ndi wopusa, mathero ake ndi olakwika, koma nkhalamba ya pamasitepe ija ndi yeniyeni.

Ulendo wa basi uja unatenga masiku, ndi kuchedwa kwa pamalire. Ine ndinkaluka tsitsi foni ili pamwendo, kasitomala akudandaula kuti ndikumukoka. Italira ndinasiya chingwe chili theka. Anali amayi, ndipo amayi anga salankhula zambiri pafoni.

"Afika," anatero. "Atsika okha."